Nimaphikila tauni yonse, koma mufana wanga anali kufa na njala m'nyumba

Nchito yanga ni kuphika. Nimasebenza mu kalesitilanti ka mu maliketi kuno ku Lusaka. Pofika 06:00 nimakhala n'takoleza kale mbaula zitatu na kuteleka madzi a nsima mu chimpoto chija chimene mwana angasambilemo. Kenako nyama, kapenta, binzi, lepu, chibwabwa cha nshaba. Ikakwana 13:00 benchi imadzala: makondakitala, anyamata a mawilibala, azimai a salaula, na mabwana a mataye amene amabwela mobisala. Munthu wanjala nimamudziwa akali kutali, mmene aponyela miyendo chabe. Ndiye chimene chimanibaba mpaka lelo. Mufana wanga, mwana wa amai anga, amene nimagona naye pa matilesi imodzi, anatha miyezi yambili akudzimana chakudya, ine katswili wa njala osaona kanthu.

Nisanalembe izi ninamupempha. Anaganiza masiku awili, kenako anati: "Ba sisi, lembani. Koma zina yanga musaikepo, bantu ba mu komboni bakamba kale vambili." Ndiye dzina simudzalipeza muno. Mudzapeza zimene zinachitika na zimene ine ninalakwitsa, kaili zolakwa zanga ndizo zingakuthandizeni kupambana zabwino zanga.

Chidumbo

Kwathu tinabadwa anai, iye ndiye womaliza. Kuchokela ali mwana anali na kathupi kake, masaya odzala, wokonda kuseka. Tinamupatsa dzina lakuti Chidumbo. Nikambe zoona, ninaliyamba ndine. Kwa ife linali dzina lachikondi. Si paja kuno munthu akakuuza kuti "wayina" ndiye kuti akutamanda, atanthauza kuti zinthu zikuyendela? Palibe anaganizako kuti dzina lingakhale munga.

Anatsiliza Giledi 12 mu 2022 ndipo anakhoza bwino. Mtima wake unali pa unesi, koma atate anamwalila chaka chomwecho ndipo ndalama za koleji kunalibe. Anzake anapita, wina ku Ndola, wina ku Kabwe. Iye anatsala pa nyumba: kutapa madzi, kupyanga, na foni. Tsiku lonse TikTok na Facebook, atsikana a mimba zonga thabwa akuvina na kugulitsa tiyi ati wochotsa mafuta.

Mu August 2023 msuweni wathu anamuika pa laini-apu ya ukwati wake. Tsiku lopimitsa madilesi, telala anali kuchula manambala mokweza ngati aitanila basi. Atafika pa iye, matroni anaomba m'manja: "Iwe, uchepeseko mimba iyi. Uzationongela vithunzi." Atsikana onse anaseka. Inenso ninaseka. Nayenso anaseka, koma mu basi pobwelela sanakambe liu olo limodzi.

Anayamba na shuga mu tiyi. Kenako buledi. Kenako mau aja amene manje nimadana nao: "Nadya kale." Nadya kale kwa mnzanga, nadya kale ku mapulakatisi, nadya kale pamene imwe munalibe. Thupi linayamba kutsika, anthu n'kuyamba kumutamanda. "Eeh, wachita bwanji? Tiuzeko naise." Dilesi inabwelela kawili kwa telala kuti akaichepetse. Ukwati unachitika mu October, anavina bwino, zithunzi zinatuluka bwino. Tonse tinaganiza kuti nkhani yathela pamenepo. Sinathe.

Mudzafunsa kuti nanga pa nyumba simunali kuona? Kumbukilani mmene timadyela. Mbale imodzi ya nsima, mbale imodzi ya ndiwo, anthu asanu. Palibe amene amawelenga nthongo za mnzake. Iye anali kutema kanthongo kang'ono, kukaumba, kukaumbanso, kukagunditsa ku supu, uku akukamba nkhani zoseketsa kuti maso athu akhale pa nkhope yake osati pa dzanja. Ife tikamasamba m'manja, nayenso asamba. Masiku amene malaiti apita tikudyela pa kandulo, zinali zosavuta maningi.

Mimba, kolela kapena ufiti?

January 2024 inabwela na zinthu ziwili. Ku chechi kwa amai kunali kusala kudya kwa masiku 21, ndipo mu Lusaka munali kolela, mpaka odwala anali kuwagoneka ku Heroes Stadium. Zonse ziwili zinasanduka bulangeti yobisalamo. Akakana chitumbuwa, ati aopa kolela. Akakana nsima, ati ali pa fasitingi. Amai anali kunyada, kuuza azimai anzao kuti mwana wao wagwila Mulungu. Masiku 21 anatha, mpingo wonse unabwelela ku mbale, iye yekha anapitiliza.

Amene anatitsegula maso ni alandilodi athu. Pa yadi pathu chimbudzi ni chimodzi, mabanja anai, ndipo windo yao ili pafupi nacho. Tsiku lina m'mawa ananikokela pambali pa pompi: "Iwe, mufana wako amaluka usiku uliwonse. Ngati ni kolela muzatipaya tonse pano. Ngati ni mimba, uza bamai bako." Anawonjeza kuti galu wao wanenepa masiku ano, ndipo adziwa amene amamuponyela nsima kuseli kwa nyumba.

Tinathamangila ku kiliniki. Kolela, palibe. Mimba, palibe, ngakhale anaulula kuti papita miyezi inai osapita kumwezi. HIV anapima kawili chifukwa amai sanakhulupilile ulendo woyamba. TB, shuga, maleliya, zonse palibe. Anapeza chabe kuti magazi achepa, natipatsa mapilisi a magazi. Zakuti sakudya ife sitinakambe chifukwa sitinali kudziwa kukula kwake, ndipo iye sanatsegule pakamwa.

Komboni nayo inayamba kupima kwake. Akulu-akulu amene anaona malilo a m'ma 1990 akaona munthu akuonda amakumbukila liu limodzi chabe, kaliondeonde. Anthu anayamba kumuyangana na maso achifundo aja amene amabaya kupambana mpeni. Achibale anati wamulodza munthu wansanje chifukwa anakhoza mayeso. Mneneli wina anati amadya ku maloto, ziwanda zimamudyetsa usiku, n'chifukwa chake masana amakhala wokhuta. Mankhwala ake? Kusala kudya masiku ena asanu na awili. Amai nao anagula tumapilisi tuja tonenepetsa twa mu maliketi. Ganizani chabe: theka la komboni ligula mapilisi kuti likhale na mahipu, theka lina ligula tiyi kuti mimba ithe, ndipo zonse ziwili zinali m'nyumba mwathu pa nthawi imodzi.

Tsiku limene ninalakwa kwambili

Mu March nikufuna-funa chaja, ninatsegula chola chake chakale cha kusukulu. Fungo linanimenya. Munali mapulasitiki a nsima na ndiwo, zina zitachita nkhungu, mapaketi a tiyi uja, na mapilisi otsegula m'mimba.

Kumbukilani kuti chinali chaka cha chilala. Pa 29 February Pulezidenti Hichilema anali atalengeza kuti chilala chija ni tsoka la dziko lonse. Thumba la unga la 25 kg linali litapitilila K300. Pa yadi pathu panali banja limene linali kugona na kapamela kamodzi onse. Nsima ija inali thukuta langa, ndiwo zija ninali kunyamula ine kuchoka ku nchito. Mutu unanitentha.

Ninamukalipila mpaka aneba anatuluka. "Bantu bafa na njala, iwe utaya nsima? Uzionesa chani? Aya ni matenda ya bazungu, ya bana ba ku Kabulonga, osati pano!" Madzulo ninamupakulila mitanda iwili, n'kukhala patsogolo pake na mthiko m'manja ngati kapokola. Anadya akulila. Ine ninamva ngati napambana. Patapita mphindi zochepa ninamva chitseko cha chimbudzi.

Chimene ninapindula tsiku lija ni ichi: anaphunzila kubisa bwino, ndipo analeka kukamba nane. Miyezi itatu tinagona pa matilesi imodzi, msana na msana, ngati anthu osadziwana mu basi ya usiku.

M'miyezi imeneyo tsitsi linayamba kutsala pa chisakulo. Pa mikono panamela tubweya tosalala. Anali kumva mphepo nthawi zonse, majuzi awili na masokosi olo dzuwa litenthe bwanji. Akaimilila msanga anali kugwila chipupa. Koma usiku nikadzidzimuka ninali kumupeza mu mdima akulumpha-lumpha mwakachetechete, ati ekisesaizi.

Mu June, m'mawa wina wozizila, anagwa pa pompi chigubu chili m'manja.

Matenda ali na dzina

Ku chipatala tinapeza dokotala wachitsikana, mwina msinkhu wanga. Anamugwila pa mkono nthawi yaitali akuyangana wochi, anamuona mano, masaya na kuseli kwa zala, natumiza magazi ku labu. Kenako anachita chimene ife tonse sitinachite: anatipempha kuti titulukeko, natsala naye awili-wili. Anakhala pafupifupi ola lathunthu.

Atatiitana anati mtima ukugunda pang'onopang'ono kwambili, ndipo mchele wina wa m'magazi wochedwa potassium watsika chifukwa cha kusanza na mapilisi aja. Mchele umenewo ndiwo umathandiza mtima kugunda mu ndondomeko yake, ndipo ukatsika kwambili mtima ungaime munthu ali chiimilile. Ndiyeno anachula dzina limene ninali kungolimva pa TV: anorexia nervosa.

Ninafunsa mwaumbuli: "Manje ni apetaiti yasila? Mumupaseko mankhwala ya njala." Dokotala anapukusa mutu. Anati njala aimva, tsiku lonse, kupambana tonsefe. Vuto ni mantha. Munthu wa matenda awa amaopa kunenepa monga mmene ine na imwe timaopela njoka m'nyumba, ndipo akayangana pa galasi saona zimene ife tiona. Ubongo wosowa chakudya nao umangozungulila pa ganizo limodzi, ndiye kuonda kukamapitilila mantha amakulilako m'malo mochepa. Si mwano, si fashoni, si ufiti. Ni matenda a maganizo amene amaononga thupi, ndipo ali m'gulu la matenda a maganizo amene amapha anthu kwambili.

Tsiku lotsatila ninabwela na basiketi yodzala: nsima, nkhuku, mbatata, maheu. Nesi ananiimitsa pa khomo. Ananifotokozela kuti thupi limene lakhala nthawi yaitali na njala silifunika kulidzidzimutsa na chakudya chambili nthawi imodzi, chifukwa michele ya m'magazi ingasokonekele mwadzidzidzi n'kuvulaza mtima. Chakudya chimayamba pang'ono, n'kumaonjezeka, madokotala akupima magazi. Ninaima pa khomo paja manyazi atanigwila. Basiketi yanga yachikondi ikanatha kumuvulaza.

Usiku wachitatu n'takhala pa mpando pambali pa bedi, anayamba yekha. "Ba sisi, mu mutu mwanga muli muntu wamene sagona. Nikadya amanituka. Nikakana kudya amaniuza ati wachita bwino. Nalema naye, koma niyopa kumusiya." Ninafunsa ngati ni dzina lija la Chidumbo. Anati linali kumubaba kuchokela ku pulaimale, koma si lokhalo. "Batate banafa, banzanga bonse banayenda, ine nenze chabe pa nyumba. Palibe chamene nenze kukwanisa. Ichi cheka ndiye nenze kukwanisa." Ninapepesa. Kwathu mkulu sapepesa kwa mwana, koma ninapepesa, ndipo tinalila mpaka amai a pa bedi ina anatipatsa tishu.

"Mwana wanga si wofunta"

Potuluka anatiuza kuti afunika kumaonana na akatswili a za maganizo, nachula Chainama. Amai anaimilila: "Mwana wanga si wofunta!" Mudziwa mmene dzina lija timalichulila potukwanana mu basi. Zinatenga sabata kuti avomele. Amene anawagonjetsa ni ambuya, amene sanapondeko pa sukulu. Anati: "Mwendo ukathyoka mumapita kwa odziwa mafupa. Nanga maganizo akathyoka mufuna mupite kwa telala?"

Chainama Hills ni chipatala monga zina, chili apo pa Great East Road, ndipo si onse opita kumeneko amene amagonekedwa. Ife tinali kupita m'mawa, kuonana na aphungu, n'kubwelela na basi. Pa benchi tinali kukhala na aphunzitsi, madalaivala, ana a sukulu, anthu monga ine na imwe. Zambia ili na lamulo la 2019 la za umoyo wa maganizo, limene limakamba kuti odwala otele ali na ufulu wolemekezedwa na kuthandizidwa monga wodwala wina aliyense.

Nkhani ya "matenda a azungu" nayo inanithela. Zoona, dzina lakuti anorexia nervosa linachokela kwa dokotala wa ku London, William Gull, mu 1873, ndipo Princess Diana anakamba poyela pa BBC mu 1995 kuti anavutika zaka na bulimia, mtundu wina umene munthu amadya kwambili nthawi imodzi kenako n'kudzisanzitsa. Koma mvelani za ku Fiji. Kumeneko anthu anali kutamanda thupi lodzala monga ife. Mu 1995 TV inafika m'dela lina la kumeneko. Ofufuza otsogoleledwa na Anne Becker atafunsa atsikana a sukulu chaka chimenecho, panalibe olo mmodzi amene anati amadzisanzitsa kuti aonde. Pofika mu 1998 anali 11 pa 100 alionse. Iwo inali TV ya pa nyumba chabe. Ife yathu ili m'thumba, ndipo timagona nayo pansi pa pilo.

Malamulo a pa nyumba

Aphungu anatiuza chinthu chimene chinasintha nyumba yathu: musiyanitse mwana wanu na matenda. Amene anama kuti "nadya kale" ni matenda. Amene abisa nsima ni matenda. Mufana wanu ali mkati, wagwidwa. Mukamukalipila, mumukankhila ku mbali ya mdani.

Ndiye tinapanga dongosolo. Choyamba, mbale yake-yake, kuti tione zimene zalowa. Ambuya anadandaula kuti tikumupatula ngati mlendo, ndiye tonse tinayamba kudyela m'mbale zathu-zathu. Chachiwili, nthawi. Chakudya katatu pa tsiku na tina tung'ono pakati, kuti pasapite maola ambili m'mimba mulibe kanthu. Si zodula iyayi: phala la nshaba, dzila, nthochi, mbatata, kapu ya mkaka ikapezeka. Amai anatenga m'mawa, mlongosi wathu masana, ine madzulo. Chachitatu, akatsiliza kudya sitimusiya yekha kwa ola limodzi, chifukwa ndiyo nthawi imene munthu uja wa m'mutu amakuwa kwambili. Malaiti kulibe, TV kulibe, ndiye tinagula Ludo. Sininaseweleko Ludo yambili m'moyo wanga monga mu 2024.

Tiyi uja na mapilisi onse tinataya. Tepi yopimila ya amai inapita kwa aneba. Mapeji aja a pa foni anawachotsa yekha, imodzi-imodzi, ine nili pambali, osati kumulanda foni. Abusa a ku chechi kwa amai, n'tawafotokozela bwino-bwino, anamuitana n'kumuuza kuti fasitingi si ya iye, kudya kwake ndiko kumvela Mulungu.

Chovuta kupambana zonse chinali pakamwa pathu. Pa mbale sitikamba za thupi la munthu aliyense, lake, langa, olo la munthu wa pa TV. Sitikamba kuti "idyako chabe", kaili akanakwanitsa kudyako chabe sembe sitinafike kuno. Sitichondelela kuti "idyela ine" kapena "uzapaya bamai na BP", chifukwa kumeneko ni kumusenzetsa mlandu pamwamba pa mantha. Nikaona dzanja laima, nimangoti: "Niziba ni vovuta. Nili pano. Tiye, inangu imozi." Masiku ena mbale imatha mu mphindi 20, masiku ena ola lathunthu nsima itazizila. Masiku ena anali kunitukwana mau amene sininadziwe kuti awadziwa. Ninaphunzila kusayankha, koma mbale osaichotsa.

Musaganize kuti msewu unali wa tala. Pa Khisimasi anti athu anabwela kuchoka ku Chipata. Atangomuona anakuwa na chimwemwe: "Eeh, mwana wanga, wanenepa! Tsopano ndiye waoneka munthu!" Anali kutamanda na mtima wonse. Mufana wanga anamwetulila, nalowa m'chipinda, ndipo masiku atatu otsatila tinabwelela pamene tinayambila. Kuchokela apo alendo nimawachingamila pa geti. Nimawauza kuti mupatseni moni, mufunseni za nyimbo, za mpila, za chechi, koma za thupi iyayi. Ena amakhumudwa. Akhumudwe.

Inenso ninatsala pang'ono kugwa. Tsiku lonse kuphikila anthu amene amanyambita mbale, madzulo kukanyengelela nthongo imodzi. Tsiku lina ninapezeka nikulila kuseli kwa matumba a malasha ku nchito. Mnzanga amene timatsuka naye mbale ananipeza. N'tamufotokozela anakhala chete, kenako anati mwana wake wamkazi amadzuka usiku kudya zonse za mu mpoto, pambuyo pake n'kukasanza, koma popeza thupi lake lili bwino-bwino iye anali kuona ngati ni umbombo chabe. Ninamuuza kuti apite naye ku chipatala sabata yomweyo. Matenda awa saoneka na maso nthawi zonse. Munthu angakhale na thupi lodzala koma mtima uli pa ngozi. Amagwilanso anyamata, maka-maka aja amene jimu yasanduka nyumba yao. Ndipo iwe wosamalila, peza munthu wako wokamba naye, gona, idya. Mbaula yopanda malasha siphika.

Ngati muli naye pa nyumba

Sindine dokotala, ndine wophika nsima. Koma zizindikilo izi ninaziphunzila na misozi. "Nadya kale" wa tsiku na tsiku. Kuthamangila ku chimbudzi akangotsiliza kudya. Kuphikila ena koma iye osalawa. Kusala kudya kumene sikutha. Zovala zikulu-zikulu, kumva mphepo, tsitsi kuthothoka, kuleka kupita kumwezi, masaya otupa, mano oonongeka na asidi wa m'mimba. Chakudya chosowa usiku, mapulasitiki obisika.

Mukaona izi, musayambile pa mbale ndipo musayambile pa gulu. Sankhani nthawi imene muli awili, mwina mukuchapa kapena mukupita ku maliketi. Kambani zimene mwaona, osati zimene mwagamula: "Naona siudya na ise masiku yano, uoneka wolema. Nili na nkhawa." Adzakana. Mwina adzakwiya. Musakangane naye, bwelelaninso tsiku lina. Pitani naye ku kiliniki, ndipo kumeneko kambani zonse: sakudya, amadzisanzitsa, amamwa mapilisi otsegula m'mimba. Ife tinataya miyezi chifukwa tinapita na theka la nkhani. Akakomoka, akamva mtima ukudumpha-dumpha kapena m'chifuwa mukuwawa, akasanza magazi, kapena akayamba kukamba zodzipha, musayembekeze kuche, thamangani ku chipatala. Ngati mufuna wokamba naye, Lifeline pa 933 na Childline pa 116 ni manambala aulele. Pemphelani ngati ndimwe opemphela, nafenso timapemphela, koma pemphelani muli mu basi yopita ku chipatala.

Lelo mufana wanga ali bwanji? Sinikamba kuti anachila, chifukwa iye mwini sakonda liu limenelo. Kumwezi kunabwelela. Tsitsi linamela. Kuseka kuja kunabwelanso, kokweza, kosokoneza aneba. Akali kupita kukaonana na aphungu, ndipo pali masabata amene munthu uja wa m'mutu amadzukanso, maka-maka kukakhala phwando kapena wina akayamba kujambula zithunzi. Tikuponya chilimba kuti chaka chamawa akayambe unesi wake. Dzina lija linafa m'nyumba mwathu, ndipo amene angalichule adzaonana na ine.

Sondo yatha tinali pa siteshoni tikuyembekeza basi. Pambali panali amai ena akuocha tute na mbalala pa mbaula. Mufana wanga ananikoka chitenge. "Ba sisi, nigulileniko. Yanunkila." Papita pafupifupi zaka ziwili osamumva akupempha chakudya na pakamwa pake. Mtima unafuna kuti nilulutile siteshoni yonse imve. Koma naphunzila. Ninangotulutsa K10, n'kumupatsa, n'kuyamba kudandaula za kondakitala amene anali kulongeza anthu asanu pa mpando wa anai. Iye anali kutafuna, akuseka, makoko a nshaba akugwela pa siketi. Anadya theka, theka ananipatsa ine. Basi yathu itabwela, tinakwela.